Kuphunzitsa m'sukulu za intaneshonale kunja: ulendo wake umayambira kuno kwathu

Kwa munthu wokulira ku Mchinji, kunja si kutali. Kuchoka pa boma kukafika pa chipata cha Mwami ndi makilomita pafupifupi 12 okha, ndipo tauni ya Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe. Anthu amawoloka m'mawa kukagula katundu kapena kukazonda wodwala, madzulo n'kubwerako. Chilankhulo n'chimodzi. Mu Ogasiti Achewa a mbali zonse amakakumana ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, ndipo mu Febuluwale Angoni amakhamukira ku Ncwala ku Mtenguleni. Ngakhale mpingo wathu unawoloka malire amenewa kalekale: chipatala cha Mwami, chomwe chili kutsidya m'dziko la Zambia, chinayamba m'chaka cha 1927 ngati mphukira ya ntchito ya zachipatala ya ku Malamulo.

Kuzolowera kuwoloka kotereku kumachititsa ambiri kuganiza kuti kukagwira ntchito kutsidya n'kosavutanso chimodzimodzi. Ophunzira ambiri a zauphunzitsi amafunsa momwe angapezere ntchito m'sukulu za intaneshonale ku Lusaka, ku Nairobi kapena ku Dubai. Funsoli n'lomveka. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense akudziwa zomwe zinachitikira malipiro a mphunzitsi. Ntchito yolipidwa m'madola ndi yokopa. Amalawi ena anaipeza ndipo akuigwira. Koma njira yake ili ndi makwerero, imatenga zaka zingapo, ndipo masitepe oyamba amapondedwa munthu akadali pa koleji.

Kodi sukulu zimenezi n'zotani?

Ambiri timangoti "sukulu za azungu." Dzinali lili ndi mbiri yake. Sukulu zotere zinayambira ana a akazembe, amishonale ndi ogwira ntchito m'makampani ndi m'mabungwe akunja, omwe makolo awo amasamukasamuka. Mwana wochoka ku Lilongwe kupita ku Dar es Salaam amafunika kukapitiriza maphunziro pomwe analekezera, choncho sukuluzi zimatsata silabasi yodziwika m'mayiko ambiri m'malo mwa silabasi ya dziko lomwe zili. Masiku ano ana ambiri a m'sukuluzi ndi a eni dziko omwe makolo awo angakwanitse fizi.

Kuno kwathu tili ndi Bishop Mackenzie International School ku Lilongwe ndi St Andrew's International High School ku Blantyre, komanso zina zing'onozing'ono. Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, nayo imalembetsa mayeso a ku Britain. Pomwe inkatsegulidwa m'chaka cha 1981, Dr. Hastings Kamuzu Banda ankafuna kuti aphunzitsi ake akhale ochokera kunja okhaokha. Lero Amalawi akuphunzitsa pa sukuluyo. Zinthu zinasintha, ngakhale kuti maganizo akuti mphunzitsi wabwino ndi wochokera ku Ulaya sanatheretu m'mitu ya makolo ena ndi ya eni sukulu ena.

Kutsidya kwa Mwami, msewu wa Great East Road umakafika ku Lusaka pa mtunda wa makilomita oposa 550. Kumeneko kuli International School of Lusaka, yomwe inayamba m'chaka cha 1963, American International School of Lusaka ya 1986, Lusaka International Community School ndi Baobab College. Ku Maputo kuli American International School of Mozambique, ku Zimbabwe kuli Harare International School, ku Tanzania kuli International School of Tanganyika, ndipo ku Eswatini kuli Waterford Kamhlaba.

Chenjezo limodzi apa: mawu akuti "international" aliyense angathe kuwalemba pa chikwangwani. Sukulu yodalirika imakhala yovomerezedwa ndi bungwe loyendera sukulu monga Council of International Schools, kapena imapezeka pa mndandanda wa mamembala a Association of International Schools in Africa. Mabungwe a Cambridge ndi IB nawo amaika pa intaneti mayina a sukulu zomwe anaziloleza. Kufufuza kumeneku kumatenga mphindi zochepa.

Silabasi zitatu zofunika kuzidziwa

Yoyamba ndi ya ku Britain. Ana a zaka 14 mpaka 16 amakonzekera mayeso a IGCSE, omwe anayamba kulembedwa m'chaka cha 1988, kenako amachita A Level kwa zaka ziwiri. Kwa mphunzitsi wa ku Malawi, iyi ndiyo yosavuta kulowamo, chifukwa kakonzedwe kake sikasiyana kwambiri ndi ka MSCE: pali silabasi yolembedwa, mapepala a mayeso akale ndi ndondomeko yochongera. Kusiyana kwake n'kwakuti mafunso ambiri amafuna kuti mwana agwiritse ntchito zomwe waphunzira pa vuto lomwe sanalionepo, ndipo m'maphunziro a sayansi ntchito ya mu labu imawerengedwa kwambiri.

Yachiwiri ndi International Baccalaureate, mwachidule IB, yomwe inakhazikitsidwa ku Geneva m'chaka cha 1968. Ili ndi gawo la ana a pulayimale, gawo la ana a zaka 11 mpaka 16, ndi dipuloma ya ana a zaka 16 mpaka 19. Wophunzira wa dipulomayi amatenga maphunziro asanu ndi limodzi, amalemba kafukufuku wakewake wa mawu osapitirira 4,000, amaphunzira kufunsa momwe anthu amadziwira zomwe amati akuzidziwa, ndiponso amagwira ntchito zothandiza anthu. Mphunzitsi wozolowera kulembera ana manotsi pa bolodi kuti akaloweze amavutika nayo poyamba. Bishop Mackenzie imatsata silabasi imeneyi, monganso sukulu zingapo za ku Lusaka.

Yachitatu ndi ya ku America, momwe mwana amasonkhanitsa mamalikisi kwa zaka zinayi za sekondale, ndipo ochita bwino amawonjezerapo maphunziro a Advanced Placement.

Posankha aphunzitsi, sukulu zimayang'ana ngati munthu anaphunzitsapo silabasi yawo. Amene ali ndi zaka ziwiri za IGCSE amakhala patsogolo pa amene ali ndi zaka khumi za MSCE yokha. Zingaoneke ngati kukondera, koma ndi mmene msikawu umayendera.

Mapepala ofunika

Choyamba ndi digiri, ndipo ikhale ya phunziro lomwe mukufuna kuphunzitsa. M'mayiko ambiri ofesi yoona za olowa ndi otuluka sipereka chilolezo kwa mphunzitsi wopanda digiri, kapena amene digiri yake sikugwirizana ndi ntchito yomwe walembedwa. Mphunzitsi wa pulayimale amene ali ndi satifiketi ya ku TTC yokha ayenera kubwerera kusukulu kaye. Onetsetsaninso kuti pulogalamu yomwe mukuphunzira ndi yovomerezedwa ndi National Council for Higher Education, chifukwa maofesi akunja akamafufuza digiri yanu amafuna kudziwa ngati dziko lanu lomwe limaizindikira.

Chachiwiri ndi umboni wakuti munaphunzira uphunzitsi. Amene ali ndi digiri ya zauphunzitsi ali nawo kale. Amene anachita masamu, zaulimi kapena zamalonda popanda uphunzitsi ayenera kuwonjezera satifiketi ya uphunzitsi. Mayunivesite ena a ku Britain, monga University of Nottingham, ali ndi satifiketi yotchedwa PGCEi yophunzirira pa intaneti munthu ali pa ntchito. Ndi yokwera mtengo, ndipo si sukulu zonse zomwe zimaiwerengera mofanana, choncho funsani kaye musanalipire. Safunsa anadya phula.

Chachitatu ndi kulembetsa ngati mphunzitsi. Kuno kuli Teachers Council of Malawi. Ku Zambia munthu saloledwa kuphunzitsa asanalembetse ku Teaching Council of Zambia, malinga ndi lamulo la m'chaka cha 2013, ndipo digiri yochokera kunja imayamba yapimidwa ndi Zambia Qualifications Authority. Ku South Africa ntchito ziwirizi zili m'manja mwa SACE ndi SAQA. Kupima mapepala kumatenga nthawi komanso ndalama, ndiye si zoyamba sabata yonyamuka.

Chachinayi ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu. Sukulu zodalirika sizichita masewera pa nkhani yoteteza ana ku nkhanza. Zimafuna kalata yotere kuchokera ku dziko lililonse lomwe munakhalamo, zimaimbira foni ahedi anu, ndipo zimafunsa za mwezi uliwonse womwe sukuoneka pa CV yanu. Kumenya mwana, kumunyoza pa gulu kapena kucheza naye mwamseri pa WhatsApp ndi milandu yochotsetsa ntchito. Mbiri yanu pa nkhani imeneyi imayamba kulembedwa pa nthawi yomwe muli pa sukulu yoyesererapo kuphunzitsa.

Pomaliza, pasipoti. Tonse tikudziwa kuti kuno imatha kuchedwa kutuluka. Ipangitseni nthawi ikadalipo, ndipo ikhale ndi zaka zokwanira kontirakiti yonse.

Makwerero ake

Sukulu zambiri zodziwika zimafuna munthu amene waphunzitsapo zaka zosachepera ziwiri. Ndiye sitepe yoyamba ndi kalasi ya kuno konkuno, kaya ndi CDSS ya kumudzi, kaya ndi sukulu ya mpingo. Musaipeputse. Mphunzitsi amene wakwanitsa kuphunzitsa kemisitiri ana ochuluka ndi zipangizo zochepa ali ndi nkhani yokamba pa intavyu, bola akhale ndi umboni. Sungani mapulani a maphunziro, zotsatira za ana anu pa mayeso, ndi makalata a ahedi.

Sitepe yachiwiri ndi kulowa pa sukulu ya m'Malawi momwemuno yomwe imalembetsa mayeso a Cambridge, ngakhale ikhale yaing'ono ndipo malipiro ake asakhale odabwitsa. Chomwe mukupitira ndi silabasi. Mukafika pamenepo pemphani kuti akutumizeni ku maphunziro a aphunzitsi omwe Cambridge kapena IB imakonza, ambiri mwa iwo pa intaneti. Ena amalowa pa sukulu zazikulu ngati othandizira mphunzitsi, n'kumaphunzira kachitidwe ka zinthu ali m'kalasi momwemo.

Sitepe yachitatu ndi dziko loyandikana nalo. Lusaka, Harare kapena Dar es Salaam ndi malo omwe digiri ya ku Malawi si yachilendo, ndipo pakagwa zovuta kumudzi basi imakufikitsani. Asia ndi mayiko a Aluya amabwera pambuyo, CV itanona.

Phunziro lomwe mwasankha lili ndi gawo lalikulu. Aphunzitsi a masamu, fizikisi, kemisitiri ndi makompyuta amasowa pafupifupi kulikonse, monganso odziwa kuthandiza ana omwe amavutika kuphunzira. Kuphunzitsa Chingerezi ndiko kuli mpanda wautali kwa ife. Mwachitsanzo, viza ya aphunzitsi a Chingerezi ku South Korea imaperekedwa makamaka kwa nzika za mayiko asanu ndi awiri, ndipo mu Africa muno ndi South Africa yokha yomwe ili pa mndandandawo. Zimapweteka kwa munthu amene waphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, koma ndi bwino kudziwiratu posankha phunziro. Anamwino, owerengera ndalama ndi a makompyuta nawo amalembedwa m'sukuluzi, kungoti ntchito zimenezi kawirikawiri zimapita kwa eni dziko, ndipo chilolezo cha mlendo chimavuta kutuluka.

Nthawi yofunsira ntchito

Sukulu zambiri za intaneshonale zimatsegulira mu Ogasiti n'kutsekera mu Juni. Aphunzitsi omwe akufuna kuchoka amanena miyezi yambiri chaka chisanathe, choncho malo amayamba kulengezedwa cha mu Okutobala, ndipo pofika Febuluwale kapena Malichi abwino ambiri amakhala atadzaza. Wofuna kuyamba ntchito mu Ogasiti ayenera kukhala ndi mapepala onse chaka chathunthu m'mbuyo.

Malo amalengezedwa pa masamba a intaneti a sukuluzo, pa TES, komanso kudzera m'mabungwe olembera sukulu aphunzitsi monga Search Associates, International Schools Services ndi Schrole. CV ikhale yaifupi, yosapitirira masamba awiri, yonena zomwe munachita ndi ana: kalasi iti, phunziro liti, zotsatira zotani. Kalata yofunsira ntchito ilembedwere sukulu imeneyo, osati imodzi yomwazira paliponse. Mboni zikhale anthu omwe anakuyang'aniranipo pa ntchito, mmodzi mwa iwo ahedi anu a panopa, ndipo akhale ndi imelo ya ku ofesi yomwe amatsegula. Kalata ya abusa ndi yabwino pochitira umboni khalidwe, koma silowa m'malo mwa kalata ya ahedi. Intavyu zambiri zimachitika pa Zoom, ndiye konzekerani za netiweki ndi magetsi, ndipo yembekezerani kuuzidwa kuti muphunzitse phunziro lachitsanzo.

Kontirakiti: werengani mzere uliwonse

Sukulu zambiri zili ndi mitundu iwiri ya kontirakiti. Wolembedwa kuchokera kunja amapatsidwa nyumba kapena ndalama ya lendi, tikiti ya ndege, inshulansi ya chipatala, ndipo nthawi zambiri ana ake amaphunzira pa sukulupo osalipira kapena pa mtengo wotsika. Wolembedwa m'dziko momwemo amalandira malipiro okha, kawirikawiri m'ndalama ya dzikolo. Aphunzitsi awiri angathe kukhala ndi makalasi oyandikana, ntchito yofanana, koma moyo wosiyana kwambiri.

Apa ndi pomwe kuyandikana ndi malire kungamupweteke munthu. Akawoloka pa Mwami, n'kukakhala kwa achibale ku Lusaka, n'kumayenda ndi envulopu m'sukulu, akhoza kulembedwa ngati wa m'dziko momwemo chifukwa amupeza ali kale komweko. Akanafunsira ali ku Mchinji, mwina akanawerengedwa ngati wochokera kunja. Funsani msanga kuti kontirakiti ndi ya mtundu uti.

Funsaninso mafunso awa: malipiro ndi a ndalama iti? Msonkho amadula ndani? Chilolezo chogwirira ntchito alipira ndani? Nanga penshoni kapena ndalama ya kumapeto kwa kontirakiti ilipo? Mukachoka nthawi isanakwane mubweza chiyani? Kontirakiti yoyamba nthawi zambiri imakhala ya zaka ziwiri, ndipo kuithawa pakati kumaipitsa dzina, chifukwa ahedi a sukuluzi amadziwana ndipo amafunsana. Amene muli kale m'boma, musanalembe kalata yosiya ntchito pitani mukamve za penshoni yanu ndi zaka zomwe mwagwira. Ndipo malipiro muwayerekeze ndi mitengo ya kumene mukupita. Lendi ya ku Lusaka kapena ku Dubai si ya pa Kamwendo.

Boda pasi si chilolezo cha ntchito

Mmalawi amalowa m'Zambia popanda viza, ndipo anthu a m'malire ali ndi boda pasi yoyendera pafupi. Chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chomwe atsogoleri a mayiko awiriwa anatsegulira mu Disembala 2022, chinachepetsa nthawi yodikira. Koma zonsezi ndi za mlendo wodzacheza kapena wodzagula katundu. Wogwira ntchito amafunika chilolezo chake, ndipo sukulu ndiyo imamupemphera ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka. Sukulu ikanena kuti "bwerani muyambe, mapepala tikonza pambuyo," dziwani kuti wodzagwidwa ndi kuthamangitsidwa ndinu. Ndiponso munthu wopanda chilolezo alibe kokadandaula akamanidwa malipiro.

Palinso akathyali. Anthu a ku Mchinji amadziwa nkhani za achinyamata omwe ananyengedwa ndi malonjezo a ntchito n'kukapezeka akugwira ukapolo m'minda kutsidya. M'chaka cha 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 omwe anapulumutsidwa ku Oman, komwe anapita atalonjezedwa ntchito zabwino. Digiri siteteza munthu ku msampha wotere. Zizindikiro zake zimafanana: ntchito yobwera pa Facebook kapena pa WhatsApp musanafunsire, kulembedwa popanda intavyu, kuuzidwa kuti mutumize ndalama ya viza pa nambala ya foni ya munthu, ndi kukakamizidwa kuti muchite changu. Mabungwe ena enieni amalipiritsa ndalama ya umembala, koma mtengo wake umalembedwa poyera ndipo sakulonjezani ntchito. Mukalandira kalata yakuti mwalembedwa, pezani nokha nambala ya sukuluyo pa tsamba lake lenileni, muimbe, mufunse. Ndipo pasipoti yanu isakhale m'manja mwa bwana aliyense.

Nanga Sabata?

Maphunziro m'sukulu zambiri amachitika Lolemba mpaka Lachisanu, koma masewera, maulendo a ana, maphunziro a aphunzitsi ndi miyambo ya omaliza sukulu nthawi zambiri zimagwera Loweruka kapena Lachisanu usiku. Pa sukulu zogonera pomwepo aphunzitsi amasinthana kuyang'anira ana kumapeto kwa sabata. Nkhaniyi ikambeni musanasaine. Nenani momveka kuti kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka simugwira ntchito, ndipo nenaninso zomwe mungachite m'malo mwake, monga kutenga ntchito za Lamulungu ndi za madzulo a m'kati mwa sabata. Mukagwirizana, zilembedwe. Ahedi amasintha, pepala limatsala.

Mayiko amasiyananso. Ku Qatar, Kuwait, Oman ndi Saudi Arabia masiku opuma ndi Lachisanu ndi Loweruka, ndipo sukulu zimayamba Lamulungu. Ku United Arab Emirates, kuyambira Januwale 2022, amapuma Loweruka ndi Lamulungu, Lachisanu n'kuweruka masana. Koma kukhala ndi tsiku lopuma n'kosiyana ndi kukhala ndi malo opempherera: ku Saudi Arabia kulibe matchalitchi oonekera poyera.

Mpingo wathu nawo uli ndi khomo lake. Maxwell Adventist Academy, pafupi ndi Nairobi, ndi sukulu yogonera pomwepo yotsata silabasi ya ku America. Kudzera mu Adventist Volunteer Service, achinyamata amapita kukaphunzitsa m'sukulu za mpingo m'mayiko ena kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, atavomerezedwa ndi mpingo wawo. Ndalama yake ndi yongothandizira, si yomangira nyumba, koma zaka zimenezo zimawerengedwa pa CV.

Zoyamba teremu ino

Wa chaka choyamba kapena chachiwiri aganizire bwino phunziro lake lalikulu. Wa chaka chachitatu atsitse pa intaneti silabasi ya IGCSE ya phunziro lake, yomwe Cambridge imaika mwaulere, aiyerekeze ndi ya MSCE, ayese kuyankha mapepala akale. Wopita kukayeserera kuphunzitsa asunge ntchito yake ndipo asiye dzina labwino kwa ahedi. Womaliza alembetse ku Teachers Council of Malawi, atenge masatifiketi ndi mapepala a mamalikisi ake onse, apangitse pasipoti. Aliyense azolowere kompyuta, aphunzire kutsogolera kalabu, kwaya kapena masewera, chifukwa sukuluzi zimafuna mphunzitsi wotha kuchita zina kunja kwa kalasi. Zaka zomwe mwakhala mukutsogolera ma Pathfinder zilembeni pa CV.

Makolo ndi akulu a mpingo, mwana akabwera ndi nkhani yakuti wapeza ntchito kunja, musafulumire kugulitsa mtedza kapena ng'ombe kuti mumupatse ya ulendo. Khalani naye pansi, muone kontirakiti, dzina la sukulu ndi chilolezo. Ndipo inu amene mudzapite, kambiranani ndi banja lanu za kutalika kwa ulendowu: zaka zingati, mukufuna kusunga zingati, mudzabwerera liti. Kontirakiti za kunja zimatha, ndipo mlendo sakhala ndi munda kumeneko. Sukulu za ku Mkanda, ku Kapiri ndi ku Waliranji zidzafunabe aphunzitsi odziwa bwino ntchito yawo, ndipo amene adzabwere ndi luso la kunja adzapeza ana akumudikira.